Mfundo ya Nachisale

1.
Tomato ndi amene anaulula. Nachisale anatuma mwamuna wake Jailosi kudimba kukathyola wakupsa, iye n'kubwera ndi dengu lodzaza, akunyadira ngati wapha nyati. Theka anali wosapsa.

Kodi aMbewe, uyu wapsa?

Wapsa, anayankha Jailosi. Sukuona?

Nachisale anaona. Anaona kuti kwa mwamuna wake chofiira ndi chobiriwira ndi mapasa. Anayamba kuseka, koma kusekako kunatha msanga, chifukwa munthu ameneyu ntchito yake pasiteshoni inali kuimitsa ndi kudutsitsa sitima ndi mbendera ziwiri. Ankangodalira kuti ina ndi yong'ambika m'mphepete.

2.
Yofiira: ima.
Yobiriwira: pita.

3.
Zaka zimenezo nkhondo ya azungu inkameza amuna. Lole ya asilikali ikafika, m'mudzi munkatsala akazi ndi nkhuku. Osiyidwa anali awa:

okalamba,
olumala,
akapitawo a m'minda ya tiyi,
a ntchito ya njanji.

Jailosi anabisala m'mawu omalizawo. Mbendera zikangomuchoka m'manja, lole inali kumudikira.

4.
Nachisale anasokera kamfundo pa mbendera yofiira, pafupi ndi ndodo, pamene pamagwira chala chachikulu.

Mukamva mfundo, aMbewe, ndiye kuti ima.

Nanga ndikapanda kuimva?

Ndiye kuti pita. Sitimayo, osati inuyo.

5.
Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankamanganso mfundo pakona ya nsalu yake. Amayi a pachitsime anaiona, poti iwo sawaphonya kanthu. Ndi kondaine ameneyo, ankanong'onezana, n'chifukwa chake mwamuna wake amangomutsatira ngati mwanawankhosa.

Inde ndi mankhwala, ankatero Nachisale akusenza mtsuko. Musayandikire, mungandikonde nanu.

6.
Kenaka kunabwera mbendera zatsopano ndipo abwana a siteshoni anazitsekera mu ofesi mwawo kuopa akuba n'kumazitulutsa pokhapokha sitima ikalira ndipo tsiku limenelo inalira masana dzuwa lili paliwombo itadzaza anyamata opita kunkhondo akuimba mitu ili pamawindo pamene kutsogolo anthu anali asanamalize kukonza njanji ndipo abwana anakuwa kuti yofiira Jailosi yofiira ndipo chala cha Jailosi chinafufuza pandodo iyi chinafufuza pandodo inayo osapeza kanthu mpaka iye anaponya mbendera zonse pansi n'kuthamangira pakati pa njanji manja ali m'mwamba

7.
Inaima.

8.
Abwana asanafunse n'komwe, Jailosi anawauza zonse. Madzulo ake anali alibe ntchito.

Mukanati zinakupulumukani m'manja, anatero Nachisale. Pakamwa pamenepo mumangodyera basi?

M'sitimamo munali ana a eni, Nachisale.

Nanga ine ndine mwana wa mtengo?

Nachisale anamupatsa nkhongo usiku wonse. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti anali atangoyamba kumukonda munthu wopusayo koposa kale, ndipo analibe womuuza.

9.
Lole sinachedwe. Nachisale sanalire pagulu. Anangoima m'mbali mwa msewu atafumbata kona ya nsalu yake mpaka fumbi linatha.

Pita.

10.
Inu aMbewe, mudya chiyani ku Zomba kwa asilikaliko, inu amene mumadya mango osapsa n'kumati mtengo wake ndi wowawasa? Adzakuuzani ndani kuti chilonda chafiira? Sitima ikalira ndimasiya mphika pamoto n'kuthamangira kusiteshoni. Anthu ayamba kundiseka. Aseke.

11.
Jailosi anatsika sitima Lachiwiri lina, atametedwa mpala, atavala malaya omwe aja anapita nawo. Nachisale anamuthamangira.

Mwathawa?

Andikana, anatero Jailosi, ndipo ankaoneka wamanyazi ndithu. Dokotala anandiyalira ulusi patebulo, ati sankha wofiira. Ndinasankha mosamala kwambiri.

Ngati tomato uja?

Ngati tomato uja. Ati munthu wotere sangadziwe nyali ya anzake ndi ya adani, abwerere kwa mkazi wake.

Nachisale anaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo inapitiriza yokha. Chinthu chimene anachibisa nthawi yonseyi, osauza ngakhale mayi ake, ndicho chinamubwezera mwamuna.

12.
Jailosi sanadziwe pogwira, pamaso pa anthu onsewo. Anangogwira kona ya nsalu ya mkazi wake, chala chachikulu n'kupeza mfundo.

Nsalu iyi ndi yofiira, eti?

Ndi yobiriwira, aMbewe. Ine yofiira ndilibe.

Nanga mfundoyi?

Mwaiwala kale? Ndakhala ndikukuuzani m'mawa uliwonse.

Kumbuyo kwawo munthu watsopano anakweza mbendera. Sitima inapita. Jailosi anaima.