Mphini Zokana Kuuma

Enos akudula mitengo ya chigafa cha fodya, chikwanje chinamutema pamsongolo. Anathira pabalapo ufa wa kapusozi wogula pagolosale, n'kumangapo kansanza, ntchito n'kupitirira.

Sabata isanathe, mkazi wake Kezia anaona zachilendo. Thupi la mwamuna wake linali moto, kupuma kwa befu, zolankhula zosamveka mutu, ndipo zala za kuphazi zinayamba kuda.

"Alamu, tipite nawo kuchipatala cha Embangweni," Kezia anachonderera Bestone, mkulu wake wa Enos.

"Chipatala chidziwapo chiyani? Uyu waponda mankhwala kumunda. Inu tinakulowolani ndi ng'ombe, mlamu. Za m'bale wathu timagamula ndife."

Bestone anaitana munthu wotema mphini. Koma timabala ta lumoto tinakana kuuma. Magazi ankangochucha, ena kutulukira m'nkhama.

"Zoipa zikutuluka zimenezo, mbwenu achira," anatero Bestone.

Kezia sanapemphenso. Anathamangira kumsewu n'kuimitsa lole ya matabwa yochokera ku Luwawa.

Kuchipatala, namwino Judith anaika Enos diripi ya mankhwala mwachangu, kenaka anatembenukira kwa Kezia.

"Mayi, tizilombo ta pabala talowa m'magazi. Zikafika apa magazi amasokonezeka. Kwina amaundana n'kutseka timitsempha, n'chifukwa chake zala zada. Kwina amalephera kuundana, ndiye mphinizi sizikuleka. Munali kuti masiku onsewa?"

"Ndimadikira chilolezo cha alamu."

"Chilolezo? Nanga tizilomboto tinapempha kwa ndani?"

Enos anapulumuka, koma phazi linali litafa kale, madokotala analidula.

Bestone anabwera kudzazonda atanyamula nthochi. "Tithokoze Mulungu, mlamu. Tonse tinayesetsa chomene."

Kezia anawerama, natulutsa nsapato imodzi pansi pa bedi.

"Yewo, alamu. Nayi nsapato ya m'bale wanu. Mukasunge ndinu, mwini wake alibe poivala."

Phunziro: Bala likabweretsa kutentha thupi, befu, kubwebweta, kuda kwa zala kapena magazi osaleka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kutengera wodwala kuchipatala sikufuna chilolezo cha munthu aliyense.