Nyimbo ya Mawu Makumi Anayi

Mayi Veronica Maliro anali ataphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 8 kwa zaka khumi ndi ziwiri pa sukulu ina ya kumtunda kwa Tsangano, ndipo mawu awo anali atasasa ngati a tambala wokalamba. M'kalasimo munali ana 104. Ndani angachonge makope 104 tsiku ndi tsiku, n'kutsala ndi mphamvu yokapalira kachewere madzulo? Choncho mawu a Chingerezi ofanana aja, amene amasokoneza ana pa mayeso, mayiwa anangowaika m'nyimbo, lililonse ndi tanthauzo lake: *quiet* n'kukhala chete, *quite* ndi ndithu, *lose* n'kutaya, *loose* n'kukhwefuka, mpaka mawu makumi anayi. Ana ankaimba moti malata ankanjenjemera. Alangizi a zamaphunziro atabwera anaomba m'manja, aphunzitsi athuwo n'kuyenda modzimva sabata yonse. Paja chakomachakoma pusi anagwa chagada, koma panthawiyo panalibe wowakumbutsa.

Mwana wawo Chifuniro ankalowa kalasi yomweyo chaka chachitatu. Amalume ake anali atanena kale mosapsatira kuti akapanda kusankhidwa kupita ku sekondale ulendo uno, akayambe kugulitsa kachewere pamsewu ngati anzake.

Loweruka lina, kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe, awiriwa anali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere. Mayi Maliro anali otopa, msana ukuwawa, ndipo anangofunsa mongocheza.

"Chifu, tandiuza, mawu oti nyengo pa Chingerezi timalemba bwanji?"

Chifuniro anatsinzina n'kuyamba nyimbo ija pachiyambi penipeni, akuomba pantchafu. Anadutsa ndime yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu, ndipo atafika pa mawuwo anayankha molondola.

"Wakhoza. Tsopano ungoyankha, usaimbe."

Anamufunsa mawu ena. Mtsikanayo anangogwedeza milomo, kenako anazolika.

"Osaimba sizibwera, amayi."

"Nanga pa mayeso unkatani?"

"Chaka choyamba ndinkaimba chapansipansi. Oyang'anira mayeso anati ndikuuzira anzanga, ndikapitiriza anditulutsa. Tinalipo ambiri, tonse anatiletsa. Chaka chatha ndinkaimba mumtima, koma funso lililonse ndinkayambira pachiyambi. Belu linalira ndisanafike n'pakati pomwe."

Mayi Maliro anagwetsa kachewere yemwe anali m'manja mwawo. Zaka zonsezi, ana akalephera Chingerezi, iwo ankaloza chala njala, kujomba nthawi yokumba, ndi makolo osalabadira za sukulu. Ngakhale mwana wawoyu anali atamunenapo kangapo kuti ndi mlesi, pamaso pa anzake. Anachita manyazi kwambiri, ndipo mtima unawawawa.

"Zaka ziwiri zathunthu, iwe, osandiuza?"

"Ndikanayambira pati? Nyimboyo ndi yanu. Tikamaimba m'pamene ndimakuonani mukumwetulira kusukulu kuja."

Mayiwo anapukuta manja pachitenje, natuma mwanayo kukatenga kope ndi cholembera kuti ayambe pomwepo kumuphunzitsa mwanjira ina. Chifuniro anabwera nazo, nakhala pansi, natsegula tsamba latsopano n'kumadikira. Mayi Maliro anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Anafufuza m'mutu mwawo monse, koma patatha zaka khumi ndi ziwiri njira inayo sankaidziwanso.