Mapiritsi mu Sokosi

Dokotala Dunstan anatembenuza dzanja la Kalolaine n'kupapasa zala zotupazo.

"Mapiritsi a nyamakazi aja sakugwiranso ntchito," anatero dokotala wamkaziyo. "Lero tikubaya jekeseni ya mankhwala omwewo."

Mapiritsiwo analibe mlandu. Anali mu sokosi pansi pa matiresi kunyumba kwawo ku Mount Druitt, milungu isanu osamwedwa. Kalolaine anali ndi zaka 16, ndipo kapepala ka m'bokosi anali atakaloweza: mankhwalawa amapundula mwana m'mimba. Miyezi iwiri inali itadutsa osapita kumwezi.

Pampando wa kukhomo panali Lopeti, mlongo wake wamkulu, atavalabe nsapato za kuntchito yomanga.

"Bambo, mungatipatseko mphindi zisanu?" anapempha dokotala.

"Pepani, adokotala. Amayi anati ndimve zonse. Kameneka mukakafunsa kamangoti 'ndili bwino,' chikhalirecho masitepe kamakwera chokwawa."

Dokotala anayang'ana Kalolaine. "Kodi pali mnyamata amene..."

"Kameneka?" Lopeti anaseka. "Chibwenzi chake ndi botolo la madzi otentha."

Kalolaine anasekerera monga zimayembekezeka. Namwino analowa ndi kambale kachitsulo n'kuyamba kung'amba pepala la jekeseni.

Makolo awo anachoka ku zilumba za Tonga kalekale, koma mwambo anabwera nawo wonse. Mtsikana ndi mlongo wake sakhala chipinda chimodzi pa wailesi yakanema akamapsompsonana anthu. Za m'thupi la mkazi, mlongo sazimva n'komwe. Kalolaine anali asanaphwanyepo mwambowu. Namwino anamupindira mkono wa malaya, thonje lozizira linamukhudza.

"Adokotala," anatero mokweza, maso ali pa nsapato za Lopeti, "ndili ndi funso la kumwezi. Za magazi. Ndi za mabere anga."

Lopeti anadzuka ngati wakhalira mbaula. Anagwira chitseko.

"Pepani, achimwene."

"Undipeza m'galimoto."

Chitseko chitatsekeka, Kalolaine anachotsa mkono wake m'manja mwa namwino.

"Musandibaye. Mapiritsi ndinasiya. Ndikuganiza kuti ndili ndi pakati, koma asanu oyamba ndinamwa ndisanadziwe. Mwanayo ali bwino?"

Dokotala sanamunamize. Anakokera mpando pafupi. "Sindikudziwa, mwanawe. Tiyambe tayeza kaye."

Namwino anamupatsa kabotolo ka mkodzo n'kumulozera kuchimbudzi. Kalolaine anadzitsekera m'katimo. Anayesa kutsegula chitsekerero cha kabotolo ndi dzanja lamanja, kenako lamanzere, kenako ndi mano, zala zitakana. Panja galimoto ya Lopeti inali italizidwa kale.