Mabowo Anayi Pansi pa Mpando

Lamlungu loyamba la Juni, magalimoto akale amasonkhana pabwalo la kiriketi kunja kwa Bedford. Clifford Tansley anabweretsa yake itakwezedwa pa lole. Yobiriwira, ya ku England konkuno, ya mu 1966. Mphuno yaitali, mkati zikopa ndi matabwa. Matope sinkawadziwa.

Pambali pake panaima yofiira ya ku Italy, ya msinkhu womwewo, utoto utakalikakalika ndi miyala ya m'misewu. Mwini wake, Ottavio, mnzake wakalekale, anabwera akuyendetsa yekha.

"Mwabwera nayenso pamachira wodwala wanu uja?" anafunsa Ottavio.

"Yanuyo imangolongolola ngati mlamu woledzera," anayankha Clifford. "Yangayi imayankhula pansipansi. Ndi yaulemu."

"Imayankhula liti, madala? Zaka makumi atatu sindinamveko mawu ake."

Oweruza a chionetsero anafika ndi kagalasi komangirira kundodo, nasuzumira kunsi kwa magalimoto. Iwo amafuna chilichonse chikhale mmene chinachokera kufakitale, mpaka kabawuti. Clifford anali ndi zikho zawo zisanu ndi ziwiri.

Mkazi wake, Glenys, anakhala poteropo pampando wopinda, ndodo ili pamiyendo. Pogula galimotoyo, Clifford anamulonjeza ulendo wodutsa mapiri mpaka ku Turin, ku Italy. Koma chaka chilichonse kunkakhala chionetsero. Tsopano adokotala anali atanena mosabisa: Glenys akafuna ulendo wautali, ndi chaka chino basi.

Oweruza atachoka, Clifford anatsegula chitseko.

"Mayi, talowani muyese. Chaka chino tipita."

Glenys anayesa. Mpando unali pansi kwambiri. Chiuno chinakana, mawondo nawo anakana. Anangotsala m'malere, atagwira denga, akupuma mwabefu.

"Kwezani mpandowo," anatero Ottavio. "Mabowo anayi, tizitsulo tiwiri, yatha. Ndinamuchitira mkazi wanga Rosalba. Mawa ndibwera ndi chobowolera."

Clifford anayang'ana pansi pa mpando. Chitsulo chosakhudzidwa chichokereni kufakitale. Kagalasi ka oweruza kakanawaona mabowowo nthawi yomweyo.

Sanakane ayi. Anangoti, "Anayi?"

Glenys anadikira. Anadikirabe.

"Ndigwireni mkono, a Ottavio," anatero pomaliza. Ataimirira bwino anatembenukira kwa mwamuna wake. "Musadzivute, bambo. Ndamva."

"Sindinanene kanthu."

"Eya."

Mu Ogasiti anapita ku Turin, Ottavio akuyendetsa. Glenys kutsogolo m'galimoto yofiira ija, Rosalba atadzipinda kumbuyo pamodzi ndi zikwama. Clifford anawaperekeza mpaka pageti. Phokoso la injini linamveka mpaka pamphambano, lamwano, losangalala.

Mlungu wachiwiri Clifford anabwereka chobowolera kwa oyandikana nawo. Anagwada m'galaja yekha. Bowo lachitatu linapotoka. Anamanga tizitsulo, nakweza mpando.

Glenys atabwerako, nkhope itapsa ndi dzuwa, Clifford anamutengera kugalaja kukamuonetsa. Glenys anauyang'ana mpandowo, naugwira pang'ono.

"Mwakonza bwino," anatero. "Tiyi mwamwa?"