Ufa Pamutu pa a Josphat

A Josphat analanda mlamu wawo Doris ng'ombe ziwili Lachitatu, dothi la pamanda a mkulu wawo Wilbroad lisanaume. Amene akuti anangozisunga ndi abodza.

Loweluka anabwelanso ku Msanzala kudzagawa katundu. Pulawo, njinga ndi makina osokela zinali pabwalo. Doris anakhala pakhonde ndi ana ake, maso pansi.

"Kwathu kuno ana ndi a kwa amai awo," anatelo a Josphat. "Katundu ndi wa mtundu wathu. Mlamu, musatiyang'ane ngati akuba."

Asanamalize, anatulukila amai Chibuye, mphunzitsi wachibemba wa ku Nyimba, atavala jekete la malemu, akutsimphina monga ankayendela Wilbroad. Abemba anzawo anali pambuyo ndi ngolo. Mubemba pa malilo a Mnsenga ndi mbuya, msuweni wa nthabwala: atukwane, atenge chimene wafuna, palibe wololedwa kukwiya.

Wilbroad izi ankazidziwa. Pa umesenjala wake anakhalako ku Mongu, ku Kasama ndi ku Monze, ndipo sankaphonya malilo. Akabwela kumudzi ankafananiza: Alozi amatele, Atonga amatele, ife timatele. Abale ankamuseka kuti amatsata nyama ya pamalilo. Iye ankangoti mwambo wolanda umakhala ndi unzake wobweza.

"Odya mbewa inu!" anakuwa amai Chibuye. "Kapolo wanga wafa, ndiye mukugawana zanga?"

"Odya anyani afika!" anayankha wina, anthu n'kuseka.

Amai aja anatapa ufa m'thumba n'kuwathila a Josphat pamutu, mbuu. Kenaka anakhala pa pulawo, mwendo umodzi pa makina, dzanja pa njinga.

"Amai, izi si zamasewela," anatelo a Josphat.

Azakhali awo, nkhalamba yopanda mano, anawaloza ndi ndodo. "Ukukwiyila mbuya, Josphat? Iwe ukadzafa adzakukumbile manda ndani?"

A Josphat anayang'ana uku ndi uku. Palibe anawathandiza. Anaseka ndi mano okha, ufa ukuyoyokela m'makutu, uku Abemba anzawo a amai aja akukweza katundu pangolo.

Ngoloyo sinapite kutali. Inaima kuseli kwa tchalitchi mpaka abale atabalalika, kenaka inabwelela pakhomo.

"Katundu ndi wanga uyu, ndakubweleka," anatelo amai Chibuye kwa Doris. "Womukhudza aonana ndi Abemba onse a pa boma."

Doris anagwila makina ake.

Amai aja anavula jekete, nalipinda bwinobwino, nalipeleka atagwada.

"Amuna anga atamwalila, abale awo anabwela ndi lole. Wilbroad wako anavala chitenje changa, nakhala pa filiji mpaka dzuwa kulowa, akuwatukwana. Filijiyo ndikadali nayo, ikugwilabe ntchito."

Doris anakumbatila jekete lija, nayimba nthungululu yomveka mudzi wonse.

Ng'ombe ziwili zija zikadali m'khola la a Josphat.