Wailesi Yokana Kuzima

Unkhoswe ndi ntchito yopanda malipiro, koma unkhoswe wa mphwanga Smart unalibe ndi ulemu womwe.

Smart amakiliya katundu pa boda ya Mwanza. Anakwatira Deliwe wa kwa Kanduku, ndipo monga mwa mwambo mkaziyo anatsala kwawo, mwamuna n'kumapitako Loweruka ngati mlendo. Chimene Smart ankafuna ndi chitengwa, kuti a Langton, amalume ake a Deliwe, alole mkazi ndi mwana akakhale naye ku boda. A Langton ankangozengereza. Ankati anyamata a pa boda ndi phokoso lokhalokha, mkazi sangamusunge. Deliwe yekha ndiye ankamuikira kumbuyo mwamuna wake, kuwachonderera amalume mpaka anafewa n'kutipatsa Loweruka loti tikakambirane.

Munthu wanzeru akanagula shuga ndi sopo, n'kubwereka jekete. Mphwanga anaganiza za wailesi.

Anali atangogula kagalimoto kotha ntchito kochokera ku Japan, kamene wailesi yake inali ndi zilembo zoti ngakhale mphunzitsi wamkulu sangawerenge. Mabatani a pawailesipo anafa kalekale. Kukweza ndi kutsitsa mawu kunali pa chiwongolero, ndipo kuzimitsa kunali kuchotsa kiyi. Apa ndi pamene pankamuwawa Smart. Iye ankafuna kutsika m'galimoto, kutseka chitseko, n'kumazunguza makiyi pa chala nyimbo ikulirabe kumbuyo kwake.

"Achimwene, tangoganizani," anandiuza. "Tili pansi pa mtengo, kanyimbo kakumveka chapansipansi, makiyi ali patebulo. Amalume aona okha kuti mwana wawo akupita pa levulo ina."

"Kwa Kanduku tikakhala pa mphasa," ndinatero. "Ndipo mkamwini asamakule mwendo."

"Inu zinthu zinakudutsani."

Ntchitoyo anaipereka kwa mnzake Melvin, wosintha ndalama, amene ukatswiri wake wonse wa zamagetsi anautola pocheza ndi madalaivala a mathiraki. M'mawa wa Loweruka lomwelo ndinawapeza atasolola wailesi ndi mpeni wa kukhitchini, mawaya ali lendelende. Melvin ankaphunzitsa ngati wabwera ndi digiri. Waya wofiira, anatero, amadya moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, koma wachikasu amachokera ku batire ndipo sagona.

"Ungowakwatitsa awiriwa, amigo, nkhani yatha."

Anasenda mawayawo ndi mano, kuwapota pamodzi, n'kukulunga ndi chidutswa cha jumbo. Panali timawaya tina ting'onoting'ono timene tinkamusokoneza pobwezera wailesi. Anatidula, akuti n'ta kuzizira kwa ku Japan, kuno tilibe ntchito. Wailesi inadzuka pa mawu amene Smart anaisiya dzulo lake, ndiko kuti pamapeto penipeni. Smart anachotsa kiyi, nyimbo n'kumapitirira. Amuna awiri a ndevu zawo anavina pafumbi ngati apambana zisankho.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Msewu wonse wa m'mapiri uja galimoto inkanjenjemera ndi nyimbo ya ku Mozambique, ija amavina atagwirana m'chiuno. Mbuzi zinkathawira m'chimanga. Ndinamukuwira Smart kuti atsitseko, iye n'kukuwa kuti atsitsa tikayandikira. Foni yake inkalira m'thumba ulendo wonsewo, koma ndani akanaimva?

Titakhota polowera m'mudzi, ndinaona masamba ataikidwa pamsewu. Bambo wina anali atatsika panjinga, chipewa chili m'manja.

"Maliro!" ndinakuwa. "Zimitsa!"

Smart anadina batani la pa chiwongolero. Anadinanso, kenako n'kulimenya ndi chibakera. Timawaya ta kuzizira kwa ku Japan tija tinali ta batani limenelo. Mwa chizolowezi anazimitsa injini n'kuzula kiyi, ndipo galimoto inangotsetsereka yokha, chiwongolero chitauma gwa, mpaka kukaima pakati pa bwalo pamene azibambo anakhala mitu ili pansi. Injini inali chete. Wailesi, monga analipirira mwini wake, inali ikugwira ntchito.

Nyumba ya siwayo ndinaizindikira. Inali ya a Fyness, amayi ake a Deliwe, apongozi ake a Smart. Anagwa m'munda wa mtedza m'mawa womwewo, osadzukanso. Amene ankaimba foni uja anali Deliwe.

Azimayi amene ankalira m'nyumba anasiya, poti ngakhale kulira kumafuna kuti uzidzimva. Mkulu wa mpingo, amene tinamupeza ali pakati pa pemphero, anakweza mawu kuti apikisane nayo nyimbo. Smart, thukuta lili kamukamu, anazula fulashi imene munali nyimbo zake. Wailesi sinafooke, inangosamukira ku siteshoni ya kutsidya kwa malire kumene munthu ankaulutsa mpira m'Chipwitikizi.

"Ambuye, mwatenga mtumiki wanu," anatero mkulu wa mpingo.

"Goooolo!" inayankha galimoto.

Palibe anaseka. Ndikanakonda wina akanaseka, chifukwa nkhope zimene zinatiyang'ana pabwalopo sindidzaziiwala. Ndinachita manyazi oti ndikanalowa pansi.

Tinatsegula boneti kuti tichotse waya wa ku batire, koma pankafunika sipanala. M'galimoto ya mphwanga munali perefyumu, kansalu kopukutira nsapato ndi magalasi a dzuwa, sipanala munalibe. Anayesa kupotokola ndi zala, kenako ndi kiyi yemwe uja, wa Chipwitikizi akulongosolabe mmene chigolicho chalowera.

Phokosolo linafika mpaka kumanda, ndipo adzukulu anasiya kukumba n'kubwera ndi zida zawo, matope ali m'miyendo. Adzukulu sapempha chilolezo kwa munthu. Wamkulu wawo, a Masauko, anayang'ana galimoto, kuyang'ana Smart, n'kukweza piki.

"Tasunthani, akamwini. Tiithandize kugona."

Apa ndi pamene mphwanga anadzimaliza yekha. Akanagwada n'kunena kuti phwanyani, anthu akanati mwana walakwa koma ulemu ali nawo. Iye anathamanga n'kukaima kutsogolo kwa galimoto, manja atatambasula ngati nkhuku yoteteza anapiye.

"Ayi, ayi, mabwana! Galimoto yatsopano iyi! Mukudziwa mtengo wa dashibodi inu?"

Anakuwa kuposa wailesi, moti mawuwo analowa mpaka m'siwa. Apongozi ake ali gone pamphasa, iye akulirira dashibodi. Ndinamukoka malaya, koma anandikankha.

Deliwe anatuluka m'nyumba, chitenje chili m'chiuno, maso atatupa. Sanathamange ndipo sanayang'ane munthu. Anadutsa pakati pa azibambo, kutsegula chitseko cha galimoto, n'kulowetsa zala m'mbali mwa wailesi, mmene mpeni wa Melvin unasiya mpata. Anakoka kamodzi ndi mphamvu za munthu wolima. Wailesi inatuluka ndi mizu yake yomwe, ndipo mudzi wonse unangoti zii. Anaipereka m'manja mwa mwamuna wake, iye n'kuilandira.

A Langton anadzuka pang'onopang'ono pamene anakhala, n'kuyang'ana ine, poti mkamwini salankhulidwa nkhoswe yake ilipo.

"Ankhoswe, mwationa mmene tilili. Koma poti mwabwera ndi ng'oma zanu, nkhani yanu ija..."

"Amalume, musavutike," anatero Deliwe. "Sindipita."

Mtima unandiwawa, chifukwa mtsikana ameneyu ndi amene anatimenyera nkhondo kuti tifike pabwalo limeneli. Smart anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina woti amuthandize.

"Deliwe, iwe, sindimadziwa. Nyimbo ija ndinasankhira iweyo."

"Ndaimva," anatero Deliwe. "Ndinali nditagwira dzanja la amayi."

Anabwerera m'nyumba, ndipo kulira kunayambiranso. Ine ndinavula chipewa n'kukakhala pansi pamodzi ndi azibambo. Smart anatsala chiimire pakati pa bwalo, atafukata wailesi yake, ndipo palibe anamusunthira kuti akhale.