Zitsa Zimene Anazula a Mbewe

Chitsime cha m'dimba la mayi Ezelina chinauma mwezi wa Ogasiti usanathe. Kale chinkasunga madzi mpaka mvula yoyamba. Chaka chimenecho ndowa inatsika, inagunda pansi, n'kukwera ndi matope okhaokha. Mpiru unali utangomera, tomato ali pa maluwa.

Dimba limeneli ndilo linkadyetsa nyumba ya a Ernest Mbewe, kumudzi wina kufupi ndi Chulu. Fodya anali atamusiya. Anamulima zaka makumi atatu, ndipo chimene anatsala nacho ndi chifuwa, njinga yopanda mabuleki, ndi tsala la nthaka yofiira pamtunda pa dambo, pomwe ngakhale chimanga chinkakana.

"A Mbewe, mbewu zanga zikufa," anatero mkazi wawo. "Dimba likatha tidya chiyani?"

"Ndikumbanso, Nankhoma."

Anakumba masiku awiri mpaka anagunda thanthwe. Madzi amene anatuluka sanadzaze kheni yothirira mbewu.

Sabata yomweyo kunabwera mayi Olive Gondwe, mlangizi wa zankhalango, wochokera kumpoto cha ku Kaluluma. Anatsika panjinga, anagwada, napereka moni. Kenaka anafotokoza chimene anadzera. Sukulu ya pafupi inkafuna malo oti ana aziphunzirirapo mitengo, udzu, mbalame ndi tizilombo ta kwawo konkuno. Komiti ya sukuluyo inali itaona tsala la a Mbewe.

A Mbewe anaseka, koma osati mosangalala.

"Mwana wanga, ine ndaona mabungwe ambiri. Amabwera pagalimoto, amatijambula, amatiuza kuti tiwombe m'manja. Pitani pamsewu mukaone chimene anasiya: zikwangwani zadzimbiri. Lero mwabwerera malo anga?"

"Malo akhalabe anu, bambo. Tilemba pamaso pa amfumu ndi komiti ya sukulu. Ana azingobwera kudzaphunzira."

"Nanga ine ndipindulanji?"

Mayi Gondwe anayang'ana kudambo. "Chitsime chanu chimamwa madzi ochokera pamtunda uwu. Pamtunda pali mbee. Mvula ikagwa imathamanga, siilowa pansi. Mitengo ndi udzu zikabwerera, madzi azilowa m'nthaka. Sindikulonjeza za chaka chamawa. Zitenga zaka."

"Zaka! Ine ndili ndi zaka zingati zotsala?"

Mayi Ezelina, amene ankasenda mtedza, anayankhula. "Tsalalo likutipatsa chiyani lero, a Mbewe? Nsonthe zokha. Aloleni."

Pepala linalembedwa. A Mbewe analiwerenga katatu, akutsata liwu lililonse ndi chala, kenaka analisunga m'Baibulo. Pochoka, mlangizi ananena mawu amodzi momveka bwino.

"Ndidzabwera pakatha masabata awiri, Lachinayi. Musayambe kanthu ndisanafike. Tidzayambe tayendera malowa limodzi."

Koma a Mbewe sanakhulupirire za Lachinayi. Ankawadziwa anthu a m'maofesi. Amati masabata awiri, n'kubwera miyezi itatu itadutsa. Mbande zimafika mu Febuluwale, mvula ikutha, n'kufera m'machubu. Komanso panali manyazi. Tsala lawo linali lodzaza zitsa, chilichonse chitatulutsa timphukira tambirimbiri. Kwa mlimi wa fodya, chitsa m'munda ndi chizindikiro cha ulesi. Munda wabwino ndi woyera, wopanda chopunthwitsa khasu, mizere yake yowongoka ngati yakokedwa ndi chingwe.

Anaitana mnzawo wa ubwana, a Tsoka, ndi amuna ena atatu a kutchalitchi.

"Mdala iwe, wayambanso fodya?" anafunsa a Tsoka. "Ndi msana umenewu?"

"Tikonze malo a mitengo. Akadzabwera adzapeze tatha, asadzanene kuti anthu a kuno ndi aulesi."

Anayambira kumunsi, mbali ya kudambo. Anakumba ndi mapiki, anadula mizu ndi nkhwangwa. Mizu ina inali yonenepa ngati ntchafu ya munthu, yolowa pansi kwambiri. Masiku khumi anazula theka la tsala. Zitsazo anaziunjika n'kuziwotcha. Pansi panayera kuti mbee. A Mbewe anaima atagwira m'chiuno, mtima uli m'malo.

Lachinayi lija, dzuwa lisanakwere, mayi Gondwe anafika. Anabwera pa tsiku lake. Anaimika njinga, anayang'ana maenje ndi milu ya phulusa. Anatola muzu umodzi wotsala pamoto. Unali wauwisi m'kati.

"Adada," anatero motsitsa, chiyankhulo cha kwawo chitatulukira. "Mwachita chiyani?"

"Takukonzerani. Bweretsani mbande zanu za bulugamu tibzale."

"Sitibzala bulugamu pamutu pa dambo. Amamwa madzi ambiri, ndipo pansi pake sipamera kanthu. Bambo Mbewe, nkhalango imene tinkafuna inali m'zitsa zimenezi. Chitsa chili ndi mizu yakale yofika kale kumadzi. Mphukira yake ikasamalidwa imakula msanga, mbande ya m'chubu siingaipeze. Zinali zamoyo. Zinkangodikira kuti zisiyidwe."

A Tsoka anavula chipewa n'kuyamba kukanda kumutu. A Mbewe anamva ngati wina wawathira madzi ozizira. Anafuna kukalipa, koma anasowa womukalipira. Mayiyo anali atawauza. Iwo ndiwo sanamvere.

Mayi Ezelina anali atakwera kuchokera kudimba ndi kheni yopanda madzi. Anayang'ana phulusa, kenaka amuna awo. "Safunsa anadya phula," anatero, osakweza mawu. Anatembenuka n'kubwerera.

A Mbewe anakhala pansi. "Ndiye zatha. Tengani pepala lanu."

"Sizinathe. Theka likadalipo. Dzukani tiyende. Ine mitengo ndimaidziwa ndi masamba ndi m'mabuku. Zitsa zina sindingazizindikire."

Anakwera limodzi mbali ya kumtunda. Pachitsa choyamba a Mbewe anawerama, anakanda khungwa ndi chikwanje, ananunkhiza.

"Uwu ndi muwanga. Ndinaudula chaka chimene anabadwa mwana wanga woyamba. Unali mphanda za chigafa." Anapita pa china. "Mombo uwu. Luzi lake tinkamangira fodya. Uwo ndi mtondo. Apo panali misuku isanu, ana ankatola masuku pobwera kusukulu. Ndinaigwetsa yonse tsiku limodzi, nkhuni zake n'kugulitsa kwa owotcha fodya."

Ankadziwa chitsa chilichonse, chifukwa mtengo uliwonse anaudula ndi manja awo. Anapitiriza kutchula. Mlangizi ankalemba, akukhoma chikhomo pambali pa chitsa chilichonse. Pofika masana anali atawerenga mitundu khumi ndi isanu ndi iwiri.

Anakhala pamthunzi wa chulu, mayi Gondwe n'kuyala pepala lalikulu. Anajambula njira yoti ana aziyendamo. A Mbewe anaitsutsa nthawi yomweyo.

"Njira yanu ikukhotakhota ngati yayendamo njoka. Iwongoleni."

"Ikawongoka idula zitsa zisanu ndi chimodzi, ndipo mvula idzaisandutsa ngalande. Njira ilambalale mitengo, ndipo ipingase mtunda."

"Nanga chulu ichi? Tichigumule, dothi lake ndi labwino."

"Chisiyeni. Pachulu pamamera mitengo yakeyake. Ana adzaone okha."

Koma pa nkhani ya madzi a Mbewe ndiwo anakonza chojambulacho. Mlangizi anaika malo okhalira ana pakhwawa lina losaoneka bwino nthawi ya chilimwe. "Apo ayi," anatero a Mbewe. "Mu Januwale pamadutsa madzi ofika m'mawondo." Mayi Gondwe anafufuta, nalemba kuti pakhwawapo paikidwe miyala yopingasa ndi udzu wa tsekera. M'mphepete mwa dambo analemba katope ndi mkuyu, mitengo yokonda chinyontho, ndipo anagwirizana kuti mapazi makumi atatu kuchokera pamutu pa dambo pasalimidwenso. Kuzungulira malo onse anajambula njira yotchinjiriza moto, yolambulidwa chaka chilichonse mwezi wa Meyi.

Kenaka mayi Gondwe anawaphunzitsa kusamalira chitsa. Pa mphukira khumi kapena kuposa, asankhe ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina adule ndi mpeni wakuthwa, mopendeketsa kuti madzi asakhalepo. A Mbewe anaona kuti n'chimodzimodzi ndi kuthena fodya. Manja awo ankaidziwa kale ntchitoyo.

Chinatsala ndi theka lozulidwa lija.

"Pamenepa pafunika mbewu," anatero mlangizi. "Za mitengo ya kuno, osati zogula kutali. Kodi mitengo ikuluikulu yachilengedwe yatsala kuti?"

A Mbewe anayang'ana kumadzulo. M'chigwa chonsecho, minda ya fodya itayala mpaka kumene maso amalekera, panali kachitsamba kamodzi kobiriwira.

"Kumanda," anayankha. "Ndi kokhako kumene nkhwangwa zathu zinaopa. Koma kumanda salowako popanda maliro, ndipo satengako kanthu kupita nako kumudzi. Musandiuze kuti ndiswe mwambo."

"Sindingakuuzeni zimenezo."

Kenaka a Mbewe anakumbukira. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, makoko a mitengo ya tsamba ndi mombo amathetheka ngati mfuti, n'kuponya mbewu patali. Zambiri zimagwera kunja, m'minda yoyandikana ndi manda, kumene makasu amaziphera chaka ndi chaka.

Anakapempha kwa amfumu ndi kwa adzukulu oyang'anira manda, ndipo analoledwa kutola za kunja kokha. Okutobala atafika, a Mbewe ndi mayi Ezelina anapita masana ndi lichero. Anagwada kunja kwa malire, akutola mbewu imodziimodzi. M'kati mwa mitengo imeneyo munagona mwana wawo woyamba, Comfort, amene anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Palibe anatchula dzina lake. Pamwamba makoko ankathetheka, mbewu n'kumagwa pafupi ndi mawondo awo.

Zaka zotsatira sizinali zokoma. Chitsime chinaumanso mu Ogasiti chaka chachiwiri, ndipo mayi Ezelina ankasenza madzi kuchokera kumjigo kuti apulumutse mabedi awiri okha a mpiru. Mbuzi zinadya mbande zambiri mpaka makolo a ana asukulu anamanga mpanda wa minga. Chaka chachitatu anyamata osaka mbewa anayatsa tchire, moto unathamanga ndi mphepo, koma unaima panjira yolambulidwa ija. A Tsoka, amene ankanyoza kuti kulambula tchire ndi ntchito ya amisala, tsiku limenelo anazima moto ndi nthambi mpaka nsidze zinawauka.

Chaka chachinayi chitsime chinafika Seputembala chili ndi madzi. Chachisanu ndi chimodzi, mvula yoyamba inagwa mu Novembala madzi akadalimo. Sanali ochuluka, koma ndowa inkakwera yodzaza. Mayi Ezelina anathyola tomato mwezi umene kale ankangoyang'ana nthaka yong'aluka.

Mbali ya kumtunda mitengo inali itapitirira denga la nyumba. Misuku inabereka. Bowa anamera pansi pa mitondo, njuchi zinalowa mumng'oma umene anapachika a Tsoka, ndipo m'mawa nkhwali zinkalira muudzu. Koma mbali ya kumunsi, yozulidwa ija, timitengo tambiri tinali tikadali tofika m'mawondo.

Pokonzekera kulandira ana a sukulu zina, a komiti anati njira isadutse mbali ya kumunsi, chifukwa siyosangalatsa alendo. A Mbewe anakana.

"Njira iyambire pomwepo. Mukabisa pamenepo, ana aphunzira chiyani?"

Tsiku litafika, ana anaima pamzere pakati pa mbali ziwirizo. A Mbewe anatsamira ndodo, anatsokomola, nayamba.

"Ana inu, yang'anani kumanja. Uko ndinangosiya zitsa, n'kumachotsa mphukira zofooka. Tsopano yang'anani kumanzere. Uku ndinazula ine, ndi manja awa, masiku khumi okha. Papita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mukuona nokha pamene pafika. Mthunzi wa mbali iyi ine sindidzaukhala. Ndinauzidwa kuti ndidikire, koma ndinayesa kuti ndikudziwa."

Mtsikana wina anakweza dzanja. "Agogo, kwathu bambo akuzula zitsa kuti akuze munda."

"Ukawauze abwere kuno, adzaime pamene waima iwepo. Usakakangane nawo. Adzaone okha."

Phunziro la nkhaniyi ndi losavuta. Chitsa chophuka si chinyalala, ndi mtengo umene ukufuna kubwerera. Musanakonze malo oti chilengedwe chibwererepo, yambani mwawayendera, muone chimene chilipo kale, ndipo mufunse alangizi ndi akuluakulu odziwa malowo. Samalirani mphukira, tchinjirizani moto ndi ziweto, musalime pamutu pa dambo, ndipo bzalani mitengo ya kwanu komweko. Madzi a m'chitsime amayambira pamtunda.

Ana atabalalika, a Mbewe anatsika pang'onopang'ono kupita kudimba. Mayi Ezelina anali pachitsime. Anawapatsa chingwe, ndipo mdalayo anakoka ndowa yolemera ndi manja onse awiri.